Chipembere Chinandifulatira

Linali Loweruka, teni awazi m'mawa, patangopita masiku ochepa chiikireni agogo anu aamuna m'manda, pamene kamera yawo inaikidwa pamkeka pakati pa nsapato ndi wailesi. Panali pakhonde lomwe lino, ana inu, pamene wakhala iwe Luyando utatambasula miyendo ngati lendi umalipira ndiwe. Pinda miyendo, mkazi mnzanga. Iwenso Dalitso, foniyo yazima kale ndipo magetsi abwera madzulo, ngakhale uiyang'anitsitse siyaka. Munandifunsa chifukwa chake ndimayenda ndi kamera ya munthu wakufa pakhosi. Mverani tsono.

Inu obadwira m'tauni simudziwa kugawa katundu. Mwamuna akamwalira, abale ake amabwera kuchokera kumudzi, amayala zinthu zake pamkeka, majekete, mataye, ngakhale lumo lometera ndevu, n'kumapereka chimodzichimodzi kwa achibale. Mkazi wamasiye amakhala pambali, mpango wakuda kumutu, maso pansi, pakamwa potseka. Abale a aSakala, agogo anuwo, sanali anthu olanda, ndisawanamizire. Nyumba sanaikhudze, mipando ndi mbale sanazikhudze. Anangofuna za pathupi pa mbale wawo ndi za m'manja mwake. Wogawa anali mlongo wawo wamkulu, alamu anga Ba Esinati a ku Katete, poti amuna aakulu a banja limenelo anali atatha. Mukuwakumbukira, aja ankabwera ndi thumba la mtedza, aja mukawapatsa moni muli chiimirire ankayang'ana kudenga ngati kwadutsa mbalame.

Atafika pa kamera anati iyi ipita kwa Mabvuto, mwana wawo. Mwambo wathu ndi umenewo, chida cha mwamuna chimapita kwa mwana wa mlongo wake. Ndipo Mabvuto sankaifunira masewera. Anali ndi ana awiri, ntchito alibe, ankaganiza zomajambula anthu pa maukwati ku Katete. Palibe amene akanatsutsa.

Koma dzanja langa linatuluka m'chitenje n'kugwira lamba wa kamera. Sindinalitume. 

"Mlamu," anatero Ba Esinati, "mwagwira chiyani?"

"Iyi itsale."

"Itsale izichita chiyani? Izikuyang'anani?"

Wina kumbuyo anaseka n'kusandutsa kusekako chifuwa. Alamu anandifunsa ngati pa zaka zonse zimene ndinakhala ndi mbale wawo ndinadinapo batani lake ngakhale kamodzi. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndikudziwa mbali yoikako diso. Ndinati ndiphunzira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakankhira kamera kwa ine ndi chala chimodzi.

"Chabwino. Tidzabweranso kudzaika mwala pamanda. Mukadzationetsa nyama imene mwajambula nokha kupaki ya nyama zakutchire, monga ankachitira mwini wake, kamera ndi yanu. Osati nkhuku, osati mphaka wa aneba. Mukalephera, Mabvuto adzakwera nayo basi."

Ananena akumwetulira, chifukwa aliyense pabanja ankadziwa kuti ine ndi nyama za kutchire sitimwerana madzi.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa inu mumayesa agogo anu anabadwa ali ndi imvi. Anali mnyamata wa tsitsi lopesa ndi mzere pambali, ndipo ananditenga ku Katete ndili ndi sutukesi ya malata imodzi. Ulendo wobwera kuno sunali uwu mumagona pa basi n'kudzuka mwafika. Tinagwedezeka mpaka ku Lusaka, tinagona pasiteshoni, kenako sitima yoima paliponse pamene yaona mtengo. Kamba wathu anali chiwaya, chimanga chokazinga chija cholimba chimene mano anu a mabisiketi sangathe, ndi mbatata zophika zitakulungidwa m'nsalu. Titayandikira Livingstone ndinaona utsi woyera ukukwera kumwamba ndipo ndinawagwira dzanja, ndinati tauni yapsa tisanafike. Anaseka mpaka anthu a m'sitima anatembenuka. Anali madzi a mathithi.

Ntchito yawo inali yojambula anthu. Ankakwera njinga, chikwama chachikopa pamsana, kuzungulira Dambwa, Maramba, Libuyu. Maukwati, maubatizo, ana omaliza sukulu, munthu wogula wailesi yatsopano wofuna kuti akumudzi aione. Kuseri kwa nyumba tinali ndi chinsalu chachikulu chojambulidwa mathithi ndi penti. Mathithi enieni ali pompa, koma anthu ankakonda a pansalu chifukwa sanyowetsa suti. Tinali ndi jekete limodzi ndi taye imodzi zobwereketsa, ndipo theka la amuna a ku Dambwa anatumiza kwawo zithunzi atavala jekete lomwelo. Panalinso telefoni yakuda yopanda chingwe. Atsikana ankaiika kukhutu, mutu atapendeketsa, kuyankhula ndi mphepo. Usaseke, Luyando. Ndinakuona dzulo ukutulutsa milomo pafoni ngati nsomba.

Ine kamera sindinkaigwira, koma ntchito yanga inalipo. Ndinkasita chinsalu, ndinkawongola makolala, ndinkapukuta ana mamina, ndinkaika aatali kumbuyo. Ndipo pakakhala khanda lokana kuyang'ana, ndinkaima kumbuyo kwa aSakala, pamwamba pa phewa lawo, n'kugwedeza makiyi a nyumba. Palibe khanda limene linakana makiyi anga. Amayi anu omwe, chithunzi chija ali maliseche pathaulo, maso ali tong'o, akuyang'ana makiyi.

Masiku amenewo kunali filimu. Kanali kachitini kakang'ono, mkati mokwana zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi basi. Ukadina, chimodzi chapita, sichibwerera, ndipo sudziwa chimene wagwira mpaka ukatsukitse m'tauni. Munthu akaphethira, chakudya cha tsiku limenelo chaphethira naye. Choncho aSakala ankadikira. Ankaimika banja lonse padzuwa mpaka agogo a pabanjapo ayambe kudandaula miyendo, iwo diso lili pakamera, chala chili m'mwamba. Akadina kamodzi, kwatha, mubwere sabata ya mawa. M'nyumba muno kudina kamera mwachisawawa kunali tchimo loposa kutaya mchere. Amalume anu a ku Kitwe anadinapo ali mwana, n'kujambula denga. Muwafunse ngati anaiwala.

Kenako kunabwera mafoni anuwa, ndipo aliyense anasanduka wojambula. Chinsalu cha mathithi ndinachipinda, chinakhala chofundira nkhuku nthawi yozizira. Amalume anu omwewo, atayamba ntchito, anawagulira kamera yatsopano, ino, yokhala ndi kagalasi kumbuyo koonetsa chimene wajambula. Koma owajambula panalibenso. Ndi pamene anayamba kupita kupaki ya nyama ija ya m'mbali mwa Zambezi. Anali ndi mnzawo, Ba Mubita, wa mtundu wa Alozi wa ku Nakatindi, amene ankayendetsa alendo wapansi m'tchire, ndipo pakakhala malo ankawatenga. Ankachoka kusanache, n'kubwera nthawi ya nkhomaliro nsapato zili fumbi lokhalokha, ali ndi zithunzi zitatu kapena zinayi. Ankati nyama ndi makasitomala abwino, sizifunsa chifukwa chake zatuluka zakuda kuposa mmene zilili.

Ankandiitana, ine ndinkakana, ndipo mpaka lero ndimati maganizo anga anali olongosoka. Ndinakulira pamsanja wa kumunda, ine. Chimanga chikayamba kukhwima, ana tinkakhala pamenepo tsiku lonse ndi chitini ndi mtengo, kuthamangitsa anyani. Nyani ndi wakuba wamanja asanu. Nguluwe zinkalowa usiku n'kufukula mbatata zonse. Chaka china njovu zinadutsa m'munda mwa amayi, ndipo chaka chimenecho tinadya mango owiritsa. Ndiye munthu andiuze kuti ndilipire pageti kuti ndikaone nyani? Nyani yemwe amalanda anthu buledi ku mathithi? Njovu zomwe zimatsekera ana a sukulu msewu ku Nakatindi? Ndinkawauza kuti pitani, mukawapatse moni abale anu, ine ndili ndi zochapa.

Tsono mufunsa kuti kamerayo ndinkaifuniranji. Inenso ndinadzifunsa miyezi yonse ija ndinali m'zakuda. Majekete anapita, nsapato zinapita, sindinamve kanthu. Koma lamba wa kamera anali atada ndi thukuta la pakhosi pawo, ndipo pamene pankakhala chala chawo chachikulu utoto unali utafufutika. Munthu uja, kuyambira ndimudziwe, dziko ankaliyang'anira m'kabowo ka kamera. Ndinkafuna ndiikepo diso langa ndione chimene chinkamudzutsa kusanache n'kundisiya ndili m'tulo. Nkhani yake ndi imeneyo basi.

Koma kufuna ndi kupita ndi zinthu ziwiri. Miyezi yozizira inadutsa kamera ili m'kabati. Kunabwera mphepo ya fumbi, ili m'kabati. Kunatentha, nyenje zinalira m'mitengo mpaka makutu kuwawa, ili m'kabati. Ndinkaitulutsa, kuipukuta, kuibweza. Ndinaphunzira poyatsira ndi podina, koma kudina sindinadine. Ndinkadziwa kuti mulibe filimu, sindine wopusa, koma ndinkati chilipo chimene chimatha mkatimo, monga amathera mayunitsi a magetsi. Nanga aSakala ankabwereranji ndi zithunzi zitatu zokha? Ndinkaopa kuti anasiyamo zochepa, ndipo ndikazimaliza sindidziwa kogula zina.

Mvula yoyamba itagwa, foni inalira. Ba Esinati. Anati mwala wakonzeka, akubwera kumapeto kwa sabata, ndipo Mabvuto wagula kale chikwama chonyamulira. Ndinavala nsapato n'kukwera takisi ya ku Nakatindi. Ba Mubita ndinawapeza akutsuka galimoto ya pa loji yogona alendo imene ankagwirako ntchito. Anamvetsera, anakanda mutu, anati malo alipo amodzi Lachinayi, ndipo pambuyo pake adzadza mpaka Khirisimasi. Anati ndibwere m'mawa ndithu, ndivale bwino.

Ndinavala bwino. Bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi kutchalitchi, mpango woyera wositidwa, nsapato zanga zolira ko, ko, ko. Kwathu munthu akamapita kumene kuli kamera amavala choncho. Ba Mubita atandiona pageti anagwira pakamwa.

"Ba Mai Sakala, kuno si ku mgonero. Njati izakuonani muli ku Zimbabwe."

Anandiveka shati yawo yobiriwira yofika m'mawondo, chipewa chonunkha dizilo, ndi nsapato za labala za munthu wina wa kukhitchini. Ndikuthokoza Mulungu kuti tsiku limenelo wojambula ndinali ine.

Tinalipo ochepa: azungu awiri okalamba, mnyamata ndi mtsikana a ku Lusaka ongokwatirana kumene, ine, Ba Mubita patsogolo, ndi mlonda wa nyama wonyamula mfuti. Mlondayo anali mkazi, ana inu, wamsinkhu wa amayi anu, nkhope yosaseka. Malamulo anali akuti tiyende mondondozana, tisayankhule, tisathamange zivute zitani. Ba Mubita anali ndi kansalu komangamo phulusa. Akayenda pang'ono ankakagwedeza, n'kuyang'ana kumene phulusa likupita, kuti mphepo izitiwomba kumaso, isatenge fungo lathu kupita nalo kwa nyama.

Dzuwa linali lisanakwere koma thukuta linali litayamba kale. Nthaka inkanunkhira mvula. Mitengo ya tsanya inali itatulutsa masamba atsopano ofiirira, ndipo udzu unali ukungotuluka kumene, waufupi ngati ndevu zako ziwirizo, Dalitso, mwamuna wanga, zimene umazisisita ngati munda.

Zoyamba kuona zinali nswala. Zinali zitangobereka, tiana tambirimbiri tamiyendo ngati timitengo ta machesi, tonse tosonkhanitsidwa pamthunzi umodzi, zazikulu ziwiri zikuyang'anira, monga timachitira pamaliro ana onse kuwasiya ndi mayi mmodzi. Makamera a anzanga anayamba kulira ngati makina osokera, tchetchetchetche. Ndinawayang'ana ndi chisoni. Ndinati anthu awa adzafika kwawo alibe kanthu. Ine ndinakweza kamera, ndinaika diso, ndinaona kanswala kamodzi kakuyesa kudzikanda khutu ndi mwendo wakumbuyo n'kugwa. Chala chinayabwa. Koma ndinati ayi, nswala ndi mbuzi yakutchire, Ba Esinati adzati ndajambula ku Katete. Ndinatsitsa.

Tinaona mbidzi, zonenepa ngati zimalandira malipiro a boma. Ndinakweza, ndinatsitsa, chifukwa zinaima mosalongosoka, ina kuyang'ana uku ina uko, ndipo panalibe woziika aatali kumbuyo. Tinaona njiri ikudya itagwada ndi miyendo yakutsogolo, ndipo ndinati iyi yokha ndiyo inaleredwa, osati adzukulu anga. Tinaona nyamalikiti, chinyama chija cha khosi lalitali chodya nsonga za mitengo. Chinatiyang'ana kuchokera kumwambako, chikutafuna pang'onopang'ono, nsidze zazitali kuposa zomata zimene amavala atsikana a ku Mosi-oa-Tunya Road. Ndinaika diso. Mutu ukalowa, miyendo inkatuluka. Miyendo ikalowa, mutu kulibe. ASakala sankadula munthu mutu. Ndinatsitsa.

Anyani tinawaonanso. Sindinakweze n'komwe. Tinangoyang'anizana, iwo akundidziwa, ine ndikuwadziwa.

Koma ndikuuzeni chinthu chimodzi, ndipo musachiiwale poseka zinazi. Ukaika diso m'kabowo kaja, dziko lonse limachoka. Kumatsala kanthu kamodzi, khutu, diso, mchira ukuthamangitsa ntchentche. Mtima umakhala pansi. Miyezi yonse ija m'mutu mwanga munali phokoso, za chipatala, za bokosi, za mawu amene ndinanena ndi amene sindinanene. M'kabowomo munalibe zimenezo. Ndinati kodi n'kuno munkabwera, bambo inu.

Ba Mubita ankanditembenukira kawirikawiri. Anandinong'oneza kufunsa ngati kamera yafa. Ndinati ili moyo, ndikusunga. Sanamve chimene ndinkatanthauza, ndipo nthawi yofunsana panalibe, chifukwa mlonda uja anakweza dzanja tonse n'kuima.

Chinali pansi pa mtengo, ndipo poyamba ndinayesa chulu. Kenako chulucho chinapuma, fumbi n'kuuluka patsogolo pa mphuno yake. Chipembere. Zimenezi kupaki kuja amazilondera usana ndi usiku chifukwa cha anthu ofuna nyanga zake, n'chifukwa chake munthu amatha kuziyandikira wapansi. Tinaima ngati kuchokera pano kufika pampopi paja. Chinagona chibwano chili pansi, miyendo itapindidwa, timbalame tikuyenda pamsana pake kutola nkhupakupa. Thupi lonse linali tulo, koma khutu limodzi linkazungulira lokha, uku, uku. Ndendende agogo anu akatsamira pansi pa mango atadya masana, amene ankati sakugona, akumva zonse.

Ndinati ichi ndicho. Ichi Ba Esinati sangachitche mbuzi.

Ndinakweza kamera. Koma chinyamacho chinali chogona, maso otseka, nkhope theka itabisika kuseri kwa chitsamba. M'nyumba mwathu sitinajambulepo munthu wotseka maso. Ndinadikira. Anzanga anasoka ndi makina awo mpaka anatopa. Ndinadikirabe. Thukuta linkatsika m'chipewa cha dizilo kulowa m'maso. Kenako Ba Mubita anagwedeza kansalu kawo ka phulusa, anaona kuti mphepo yayamba kutembenuka, ndipo anatikodola kuti tizibwerera.

Ana inu, mundimvetse. Ndinali ndisanadine ngakhale kamodzi. Alamu anali atagula kale matikiti. Ndipo kutsogolo kwanga kunali khanda lokana kuyang'ana. Dzanja lomwe lija losamva linalowa m'thumba, linatulutsa makiyi a nyumba, n'kuwakweza pamwamba pa mutu wanga. Ngwere, ngwere, ngwere.

Sindinadziwe kuti chinthu chachikulu choncho chingadzuke msanga chotero. Timbalame tinabalalika. Chinaima, mutu pansi, nyanga kutsogolo, makutu onse awiri ali kwa ine. Mlonda anali atafika kale patsogolo pathu, mfuti ili m'manja. Mtsikana wa ku Lusaka anabisala kumbuyo kwa mwamuna wake, mwamunayo anabisala kumbuyo kwa mzungu. Ba Mubita anandigwira mkono wa makiyi n'kuutsitsa pang'onopang'ono.  Chinandiyang'ana, monga ndinkafunira, nkhope yonse, kuwala kwabwino. Ndipo chala changa chinauma ngati mtengo.

Chinafwenthera kamodzi, mwamphamvu. Kenako chinaona kuti sitili kanthu. Chinatembenuka mosafulumira, monga amatembenukira basi pa siteshoni, n'kuyamba kupita. Pamenepo m'pamene chala chinakumbuka ntchito. Ndinadina.

Tinayenda chobwerera m'mbuyo mpaka patali. Mlonda uja anandiyankhula mawu amene sindinayankhulidwepo chichokereni kwa amayi anga. Anati ndikanaphetsa anthu, kapena ndikanamuchititsa kuombera nyama imene wailondera zaka zambiri, ndipo pa ziwirizo sakudziwa chimene chikanamupweteka kwambiri. Ankanena zoona. Ndinagwada pafumbi pomwepo n'kupepesa kwa onse. Makiyi mlondayo anawatenga, anandibwezera pageti.

Tili m'galimoto, Ba Mubita anapempha kuona zimene ndajambula. Anadina kumbuyo kwa kamera, anadinanso, anandiyang'ana.

"Ni chimodzi chabe?"

Ndinawafotokozera za kusunga. Anatsegula kachitseko kam'mbali, anatulutsa kakhadi kochepa ngati chikhadabo, anati umu mumalowa zithunzi zoti munthu angajambule Livingstone yense ndi agalu omwe, ndipo mukadzaza mumafufuta n'kuyambanso. Palibe chimene chimatha. Ndinafunsa kuti nanga mnzawo ankaumiriranji. Anati anamuuza kambirimbiri, koma mdala uja chala chake chinakulira pa filimu, chinakana kuphunzira. Anaseka, kenako anasiya kuseka n'kuyang'ana pawindo. 

Chithunzicho ndinakachitsukitsa pa shopu ina ku Mosi-oa-Tunya Road, chachikulu ndithu. Mnyamata wa pamenepo anandifunsa kawiri ngati ndikufunadi chimenechi. Munali matako a chipembere, odzaza pepala lonse, otuwa, amakwinya, kamchira katapindika pamwamba, ndi theka la mtengo.

Loweruka tinaika mwala, tinaimba, tinabwera kunyumba kudzadya. Mbale zitachotsedwa, Ba Esinati anapukuta m'manja n'kunena kuti tiyeni tione. Mabvuto anakhala pambali, chikwama chake chatsopano chili pamiyendo. Ndinapereka ndi manja awiri.

Anachiyang'ana. Anachitalikitsa, anachiyandikitsa, anachitembenuza chadodolido.

"Mlamu, mutu uli kuti?"

"Uli kutsogolo, kumene chikupita."

Anaseka, ana inu. Anaseka mpaka anagwira chipilala ichi, mpango unagwa, misozi ili mbwe. Chithunzi chinazungulira khonde lonse ndipo aliyense amene chamufika ankagwa nacho. Ine ndinangokhala, manja pamiyendo. Ndinadziwa kuti kamera yapita, chifukwa chithunzi chotere aSakala akanachibisa pansi pa matiresi.

Atatha kuseka anafunsa kuti ndinali patali bwanji. Ndinaloza mpopi. Anafunsa ngati ndinali m'galimoto. Ndinati ndinali pansi, ndi miyendo yanga iyi. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani chinandifulatira, ndipo ndinafotokoza zonse, za kugona kwake, za khutu lozungulira lokha, za makiyi. Nditanena za khutu lija anasiya kumwetulira. Anati bambo awo ankagona choncho, ndipo mbale wawo anatengera kumeneko. Anapukuta m'maso ndi ngodya ya chitenje, ndipo ulendo uno sikunali kuseka.

Anatembenukira kwa mwana wawo. Anamuuza kuti mwambo uli kumbali yake, ndipo akaumirira palibe womuletsa. Koma anati iwo analonjeza pamaso pa anthu, ndipo mkazi uyu, amene sadutsa pabwalo pakakhala bilimankhwe, wakaima pamaso pa chipembere chifukwa cha chinthu chimenechi.  Mabvuto sizinamukomere, ndipo sindimuimba mlandu, ana ake ankafunika kudya. Kenako anadzuka, anabwera kudzagwada apa, n'kuika chikwama chake chatsopano chija pamiyendo panga. Anati kamera isamakhale yopanda chovala. Ndi chikwama chomwechi. Patapita nthawi amalume anu a ku Kitwe anamuthandiza kupeza ina yogwiritsidwapo kale, koma tsiku limenelo iye sankadziwa kuti zidzatero.

"Chithunzichi nditenga," anatero Ba Esinati, "anthu a ku Katete akaone kumene mlamu wanga amayang'ana. Manje imirirani mundijambule. Ndi mutu womwe."

Anakhala pampando uwo, anamanga mpango bwino, anaika manja pamawondo, nkhope yolimba ngati akupita kukhoti. Ndinadina. Ndinadinanso. Ndinadina mpaka anatopa n'kuyamba kundikalipira kuti ndikuwononga, ndipo pokalipapo anaseka, ine n'kudina. Chimenecho ndi chithunzi chija munachiona patsogolo pa bokosi lawo chaka chatha. Ana awo anafufuza m'nyumba monse, ndipo chinali chokhacho chimene amayi awo ankaseka.

Eya, magetsi abwera, ndaona nkhope zanu zawala kuposa babu. Pitani kumafoni anu. Koma mawa musandifune m'mawa. Ba Mubita anapuma ntchito, miyendo yanga nayonso siithanso kuyenda m'tchire, choncho masiku ano ndimakwera takisi mpaka kumtsinje, kumene kuli benchi pansi pa mkuyu. Pali mvuu ina imatulukira pafupi ndi bango. Ndimakhala pamenepo, kamera pachifuwa, kudikira kuti iyasamule.